Kusankha inshulansi ya mwana wochedwa kukula ku America: yambirani pa mwanayo

Mwana akavomerezedwa pa Medicaid, inshulansi ya boma ya mabanja opeza ndalama zochepa, m'ma state ambiri kumabwera envelopu yaikulu. M'kati muli mayina a makampani a inshulansi atatu kapena anayi, ndi tsiku lomaliza kusankha. Tsikulo likadutsa muli chete, boma limakusankhirani lokha. Amene inshulansi yawo ndi ya kuntchito amakumana ndi zomwezi chaka chikamatha. Mwana amene amaonana ndi dokotala pa katemera ndi pa chimfine basi, kampani iliyonse imukwanira. Koma kwa mwana wa zaka 2 amene sanatchule ndi "mama" yemwe, kapena wa miyezi 18 amene sakuima yekha, kusankhaku n'kumene kumanena ngati ayamba kuthandizidwa mwezi wamawa kapena adikira miyezi yambirimbiri. Ndikulembera makolo akwathu amene ali ku Indiana, Texas, Maryland, Washington ndi kwina, amene tinakula tikudziwa kuti mwana umangomubereka n'kupita naye kusikelo, koma tili m'dziko limene chipatala chimayamba ndi kufunsa khadi.

Dongosololi amalitcha managed care. Pa Medicaid, boma limapereka kwa kampani ndalama yokhazikika mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense, kaya wadwala kaya ayi, ndipo kampaniyo ndiyo imalipira madokotala. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a pa Medicaid ali m'manja mwa makampani otere, ndipo pafupifupi theka la iwo lili m'makampani asanu: Centene, UnitedHealthcare, Elevance, Molina ndi Aetna. Ikalipira zochepa, kampani imapindula zambiri. N'chifukwa chake imaika zipata zitatu: mndandanda wa madokotala amene inagwirizana nawo, umene amati network, kalata ya dokotala wa ana yokutumizani kwa katswiri, ndi chilolezo chimene iyo imapereka thandizo lisanayambe, prior authorization. Mwana wochedwa kukula amadutsa pazipata zimenezi sabata ndi sabata, kwa zaka.

Choyamba: musadikire khadi

Ngati mwana sanakwane zaka 3, imbani lero ku pulogalamu ya early intervention ya state yanu, yothandiza ana aang'ono ochedwa kukula. Ku Indiana ndi First Steps, ku Texas ndi ECI, ku Georgia ndi Babies Can't Wait, ku California ndi Early Start. Kholo likhoza kuimba lokha popanda kalata ya dokotala. Lamulo la maphunziro a ana olumala lotchedwa IDEA, gawo C, limati pasanathe masiku 45 akhale atamuyeza mwanayo ndi kukhala nanu pansi kulemba ndondomeko ya thandizo, imene amati IFSP. Kuyezako n'kwaulere. Mwana akakwana zaka 3, kopita ndi ku ofesi ya sukulu za boma m'dera lanu, ngakhale mwanayo asanayambe sukulu, ndipo pempho lanu likhale lolemba.

Ndikudziwa zimene achibale amanena pafoni: "Anyamata amachedwa kulankhula." "Bambo ake nawonso anachedwa." "Mukumusokoneza ndi zinenero ziwiri." Kulankhula Chichewa panyumba sikuchedwetsa mwana kulankhula, ndipo musasiye. Chimene muyenera kuchita ndi kuuza omuyezawo kuti mwana amamva Chichewa ndi Chingerezi, kuti powerenga mawu amene amadziwa awerenge a zinenero zonse ziwiri. Bungwe la madokotala a ana, American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti mwana aliyense aunikidwe kakulidwe kake pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndipo aunikidwe autism, vuto la kakulidwe limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu, pa miyezi 18 ndi 24. Ngati dokotala wanu sanakupatseni pepala la mafunso pa miyezi imeneyi, lifunseni.

Lipoti limene mutenge ku early intervention kapena ku ofesi ya sukulu ndilo chida chanu pa zonse zotsatirazi.

Chachiwiri: lembani sabata ya mwana papepala limodzi

Musanatsegule kabuku ka kampani iliyonse, tengani pepala. Lembani aliyense amene amaona mwanayo: dokotala wa ana, wophunzitsa kulankhula, wa mafizo, wophunzitsa kugwira supuni ndi kuvala amene amati occupational therapist, dokotala wa ubongo, wa makutu, wa maso. Pa dzina lililonse lembani malo ake ndi kangati pamwezi. Onjezani mankhwala ndi mlingo wake, mkaka wapadera ngati ulipo, zothandizira kumva, nsapato zolimbitsa mapazi, njinga. Kenaka lembani zimene madokotala akuti zidzafunika chaka chino koma sizinayambe, monga kuyezetsa autism kapena kujambula ubongo.

Mukatha, zungulizani mayina awiri amene simungalole kuwataya. Nthawi zambiri si dokotala wamkulu ayi. Ndi mayi uja wophunzitsa kulankhula amene mwana analira naye miyezi iwiri asanamuzolowere, ndipo tsopano akangomuona amathamangira pamphasa ya zidole. Kampani imene ilibe munthu ameneyo ikubwezerani poyambira.

Chachitatu: dziwani lamulo limene likuteteza mwana wanu

Apa m'pamene mabanja ambiri amasochera, chifukwa makadi amafanana ndipo dzina la kampani limatha kukhala lomwelo, koma malamulo ake ndi osiyana.

Ngati mwana ali pa Medicaid, sungani pamtima zilembo zisanu izi: EPSDT. Ndi gawo la lamulo la Medicaid limene linayamba mu 1967 n'kulimbitsidwa mu 1989. Limati munthu wosakwana zaka 21 apatsidwe thandizo lililonse la chipatala lovomerezeka pa Medicaid limene likufunika pokonza kapena pochepetsa vuto lake, ngakhale state yanu isamapereke thandizo limenelo kwa akuluakulu. Sikuti mwana achire kaye kapena aonetse kuti achira. Thandizo longomuteteza kuti asabwerere m'mbuyo nalonso limawerengedwa. Choncho kampani singanene kuti "maulendo 20 pachaka atha, basi." Ikhoza kufuna chilolezo chatsopano maulendowo akatha, koma iyenera kuunika mwanayo payekha. Mu 2014 ofesi ya boma yoyang'anira Medicaid, CMS, inakumbutsanso ma state kuti thandizo la ana a autism lili m'kati mwa lamulo limeneli.

CHIP, imene inayamba mu 1997 pothandiza mabanja opeza ndalama zoposa malire a Medicaid, ndi ina. M'ma state ena ili m'kati mwa Medicaid ndipo EPSDT imagwira, m'ma state ena ndi yapayokha ndipo ikhoza kukhala ndi malire a maulendo. Funsani kuti yanu ndi iti.

Inshulansi yogula nokha pa HealthCare.gov kapena pamsika wa state yanu imatsatira Affordable Care Act ya 2010. Sangakane mwana kapena kukweza mtengo chifukwa cha vuto limene ali nalo kale, ndipo thandizo lophunzitsa mwana luso limene sanakhalepo nalo lili pa zinthu zimene ayenera kulipira. Malire a maulendo koma amatha kukhalapo.

Ya kuntchito ndiyo yofunika kufunsa funso limodzi kwa a ofesi ya antchito: kodi ndi fully insured kapena self-funded? Ma state onse 50 ali ndi malamulo okakamiza inshulansi kulipira thandizo la autism, koma olemba ntchito akuluakulu ambiri amalipira okha ndalama za chipatala za antchito awo, zimene amati self-funded, ndipo inshulansi yotere imayendera lamulo la ERISA la 1974, malamulo a state saikhudza. Ambiri a ife timagwira ntchito m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale akuluakulu, choncho funsoli musalidumphe.

Ngati malipiro anu aposa malire a Medicaid, musagwe mphwayi. Ma state ena ali ndi njira ya Katie Beckett, imene enanso amati TEFRA, yochokera ku lamulo la 1982: mwana wolumala kwambiri amayesedwa payekha, osawerengera ndalama za makolo. Palinso mapulogalamu apadera a Medicaid otchedwa ma waiver, othandiza mwana ali panyumba. Mizere yake imatalika, kwina zaka zingapo, ndiye lembetsani dzina msanga ngakhale simunatsimikize kuti mudzafuna. Mwana akhoza kukhala ndi inshulansi ya kuntchito kwanu ndi Medicaid pamodzi, ya kuntchito n'kumalipira koyamba, Medicaid n'kumatseka potsala. Za mapepala a chilolezo chokhalira m'dziko, malamulo ake akusinthasintha. Funsani loya wa nkhani zimenezo musanasiye thandizo la mwana chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp.

Chachinayi: imbani foni, ndipo muimbire chipatala, osati kampani yokha

Gawo ili ndilo lofunika kuposa onse, ndipo ndilo lotopetsa. Kampani iliyonse ili ndi mndandanda wa madokotala ake pa intaneti. Mndandandawo umakhala ndi anthu amene anasamuka, amene anasiya kulandira kampaniyo, ndi amene alipo koma mpata alibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: dzina la pa mndandanda silinakhale thandizo mpaka atakupatsani tsiku ndi ola.

Yambani ndi mayina awiri munazunguliza aja. Funsani munthu wa ku ofesi yolipiritsa, chifukwa ndiye amadziwa. Musangoti "Mumalandira Medicaid?" Tchulani kampani ndi dzina lonse la plan, poti kampani imodzi imakhala ndi ya Medicaid, ya kumsika ndi ya kuntchito, ndipo chipatala chikhoza kulandira imodzi n'kukana zinazo. Ku Texas STAR ndi STAR Kids n'zosiyana. Yachiwiriyi inayamba mu 2016 ndipo ndi ya ana olumala. Ku Indiana Hoosier Healthwise ndi Hoosier Care Connect n'zosiyananso.

Kenaka funsani motere. Mukulandira ana atsopano a plan imeneyi? Mwana woyezedwa lero amayamba liti? Muli ndi mpata madzulo kapena Loweruka? Mgwirizano wanu ndi kampaniyi upitirira chaka chamawa? Ndipo funso limene ine ndimaliona lopindulitsa kwambiri ndi ili: "Mwa makampani atatuwa, ndi iti imene imavomereza msanga mukapempha chilolezo?" Anthu a m'maofesi amenewa amalimbana ndi makampaniwo tsiku lililonse. Ena sayankha, koma ambiri amakuuzani mosabisa.

Pa thandizo limene mwana sanayambe, sankhani malo asanu apafupi pa mndandanda wa kampani iliyonse, muimbe konse. Jambulani mizere papepala lanu lija: kampani, malo, alandira kapena ayi, kudikira masabata angati, mtunda. Mukamaliza mudzaona nokha kuti kampani ya mayina ambirimbiri mwina ili ndi malo amodzi okha otseguka, pamene ina ya mayina ochepa ili ndi atatu. Onaninso ngati chipatala chachikulu cha ana cha m'dera lanu chilimo, monga Riley ku Indianapolis, Children's Health ku Dallas, Kennedy Krieger ku Baltimore kapena Seattle Children's, chifukwa akatswiri oyeza kakulidwe ka ana ndi ochepa ndipo ambiri amapezeka m'malo otere.

Mtunda muuwerenge ndi maso a munthu wotuluka ku shifiti ya usiku. Mphindi 50 kupita ndi 50 kubwera, kawiri pasabata, m'nyengo ya chisanu, si ulendo umene banja lingaupirire chaka chonse, ndipo malo ambiri amachotsa mwana pa mndandanda akajomba kangapo. Medicaid imathandiza ndi mayendedwe opita kuchipatala. Funsani kuti galimoto muziitanitsa patatsala masiku angati, ngati amalola kukwera ndi mng'ono wake wa mwanayo, ndiponso ngati amabweza ndalama ya mafuta mukayendetsa nokha.

Ngati Chingerezi cha pafoni chimakuthamangirani, nenani kuti mukufuna womasulira wa Chichewa kapena Nyanja. Makampani a Medicaid amalamulidwa kupereka womasulira wa chinenero chilichonse mwaulere. Si chamanyazi, ndipo n'kwabwino kuposa kuika mwana wanu wamkulu wa zaka 12 pakati pa nkhani za matenda a mng'ono wake.

Chachisanu: werengani masamba ochepa oyenera

Simuyenera kuwerenga buku lonse. Pa Medicaid funani member handbook. Pa inshulansi zina funani Summary of Benefits and Coverage, kenaka chikalata chachitali chimene chimafotokoza zonse. Zitsegulireni pa kompyuta n'kufufuza mawu awa: habilitative, speech therapy, developmental delay, autism, exclusions.

Mawu oyambawo ndi ofunika chifukwa chake n'chakuti inshulansi imasiyanitsa kubwezeretsa luso limene munthu anataya, monga agogo amene anachita sitiroko, ndi kuphunzitsa luso limene munthu sanakhalepo nalo. Mwana wanu sanataye kulankhula, sanayambe n'komwe. Inshulansi ina ya kuntchito imalipira choyambacho chokha, kapena imalemba kuti silipira thandizo la developmental delay pokhapokha litachokera ku ngozi kapena matenda odziwika. Mukaona chiganizo chotere, plan imeneyo si ya mwana wanu, ngakhale ikhale yotchipa.

Onani ngati malire a maulendo ndi a thandizo lililonse palokha kapena aphatikiza onse. Maulendo 30 ogawana pakati pa kulankhula, mafizo ndi occupational therapy amatha m'masabata 10 ngati mwana amapita katatu pasabata. Onaninso mndandanda wa mankhwala, ndipo fufuzani ngati nkhani za khalidwe ndi autism anazipereka kwa kampani ina, chifukwa zikatero muli ndi network yachiwiri yoti muiyesenso pafoni.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani kampani za chilolezo ndi za munthu wokuyang'anirani

Tsopano imbani ku kampani. Lembani tsiku, dzina la woyankha ndi nambala ya zimene mwakambiranazo imene amati reference number. Funsani kuti chilolezo chimodzi chimakhala cha miyezi ingati, chifukwa cha miyezi 3 chimatanthauza mapepala kanayi pachaka ndi mpata woti thandizo liduke kanayi. Funsani ngati amapereka standing referral, kuti musamabwerere kwa dokotala wa ana nthawi iliyonse mukufuna katswiri yemweyo. Malamulo a Medicaid amafuna kuti anthu a zosowa zapadera akhale ndi njira yofikira katswiri mwachindunji. Funsani kuti thandizo limene mwana akulandira kale alilemekeza masiku angati mukasamukira kwa iwo. Funsaninso ngati mwana apatsidwa care coordinator wakewake, munthu wa ku kampani woyang'anira thandizo lake lonse, wa dzina ndi nambala yake, kapena muzingoimba nambala ya aliyense.

Nkhani ya chilolezo si yaing'ono. Lipoti la ofesi ya Inspector General ku unduna wa zaumoyo wa America, lotuluka mu 2023, linapeza kuti mu 2019 makampani a Medicaid amene anawaunika anakana pempho limodzi mwa 8 alionse. Nthawi yoyankhira inali masiku 14, ndipo lamulo latsopano laifupikitsa kufika masiku 7 kuyambira 2026. Pempho lachangu ndi maola 72.

Funso lomaliza: ngati mulibe katswiri wapafupi amene ali ndi mpata, mumatani? Yankho loyenera pa Medicaid ndi loti alipira wa kunja kwa network popanda inu kuonjezera ndalama. Lamulo limatero. Mvetserani ngati woyankhayo akulidziwa.

Chachisanu ndi chiwiri: werengerani chaka chonse

Pa Medicaid ana ambiri salipira kanthu, ndipo pa CHIP zolipira zonse za banja siziyenera kupitirira 5 pa 100 ya ndalama zimene limapeza. Pa inshulansi zina musakopeke ndi ndalama yochepa ya pamwezi. Tiyerekeze kuti ulendo uliwonse mumalipira $40, mwana amapita katatu pasabata, masabata 50. Imeneyo ndi $6,000, musanawerenge deductible, ndalama zimene mumalipira nokha inshulansi isanayambe kulipira. Nambala yoyang'ana ndi out-of-pocket maximum, malire a ndalama zimene mungatulutse m'thumba pachaka. Mu 2025 lamulo linkalola kuti afike $9,200 pa munthu mmodzi ndi $18,400 pa banja. Phatikizani ndalama ya pamwezi ya miyezi 12 ndi malire amenewo pa plan iliyonse, muyerekeze. Kawirikawiri ya pamwezi yokwera ndiyo imatuluka yotchipa kwa mwana wopita kuchipatala sabata iliyonse. Plan ya mtundu wa HMO imatchipa koma kunja kwa network silipira pokhapokha pangozi. Ya mtundu wa PPO imalipirako kunja kwa network koma imadula.

Nyenyezi zimene bungwe la NCQA limapereka kwa makampani, kuyambira 0 mpaka 5, ziyang'aneni, koma zimanena za anthu onse, osati za ana ngati wanu. Mphatso za makadi ogulira zinthu ndi matewera zisalowe m'masamu anu. Amene angakuuzeni zenizeni ndi makolo anzanu: state iliyonse ili ndi Family-to-Family Health Information Center, kumene ogwira ntchito ambiri ndi makolo a ana otere, ndipo thandizo lawo ndi laulere.

Mukasankha, ndi tsiku limene adzakane

Pa Medicaid muli ndi masiku 90 oyamba oti musinthe kampani popanda kupereka chifukwa, kenaka kamodzi pa miyezi 12 iliyonse. Masiku 90 amenewo ndi oyesera. M'sabata yoyamba pemphani care coordinator, uzani malo onse a mwana za khadi latsopano, ndipo chilolezo chipemphedwe nthawi yomweyo. Akafika masiku 60 mwana asanapatsidwe tsiku loyambira, sinthani.

Kalata yokana ikabwera, yang'anani deti limene lalembedwa pamwamba, osati tsiku limene mwaitsegula. Muli ndi masiku 60 ochita apilo ku kampani. Koma ngati akuchepetsa kapena kuimitsa thandizo limene mwana akulandira kale, ndipo mukufuna lipitirire apilo ili m'kati, pemphani zimenezo pasanathe masiku 10 kapena tsiku loimitsalo lisanafike. Masiku 10 amenewa ndiwo amadutsa mabanja ambiri asanazindikire, kalata ili pa tebulo pansi pa mabilu. Dziwaninso kuti mukaluza, state zina zimalola kampani kukulipiritsani thandizo la nthawi imeneyo, choncho funsani.

Pemphani fayilo yonse ya mwana ndi mfundo zimene anagwiritsa ntchito pokana, amapereka mwaulere. Dokotala alembe kalata yotchula zinthu zooneka: mwana anali ndi mawu angati poyamba, ali ndi angati tsopano, chinachitika n'chiyani mwezi umene anajomba. Ngati ndi Medicaid, atchule EPSDT. Akakuuzani kuti "zimenezi apeza kusukulu," musavomere msanga. Sukulu imapereka zothandiza mwana kuphunzira, nthawi zina mphindi zochepa ali m'gulu ndi anzake, ndipo zimenezo sizichotsa udindo wa kampani pa zimene dokotala walamula.

Kampani iyenera kuyankha apilo pasanathe masiku 30, kapena maola 72 ngati ndi yachangu. Ikakananso, pemphani state fair hearing, kumene nkhani imamvedwa ndi woweruza wa boma amene si wa kampaniyo; nthawi yopemphera ndi pakati pa masiku 90 ndi 120 malinga ndi state, ndipo kalata yanu idzatchula. Pa inshulansi ya kuntchito kapena ya kumsika muli ndi masiku 180 a apilo yoyamba, kenaka mukhoza kupempha kuti anthu apadera aunikenso. Simuyenera kupita nokha: state iliyonse ili ndi bungwe loteteza ufulu wa anthu olumala, monga Disability Rights Texas kapena Indiana Disability Rights, ndiponso maofesi a legal aid, a maloya othandiza anthu opeza zochepa.

Pakalendala lembani masiku awiri ena. Loyamba ndi mwezi wokonzanso Medicaid ya mwana. Kuyambira Januwale 2024 ana amakhalapo miyezi 12 mosaduka, koma mafomu a chaka chotsatira amapita ku adiresi imene boma lili nayo, ndiye mukasamuka nyumba auzeni sabata yomweyo. Lachiwiri ndi masiku 90 mwana asanakwane zaka 3, pamene msonkhano womusamutsira ku ofesi ya sukulu uyenera kukhala utachitika. Early intervention ikatha, maola amene ankabwera kunyumba amatha nayo, ndipo zimene sukulu siipereka zidzafunika chilolezo cha kampani. Pemphani dokotala atumize pempho limenelo mwezi umodzi kapena iwiri tsiku lobadwa lisanafike.